Mbewu ya Nthochi ya a Mikoko

Ukatsika ndi msewu wafumbi wodutsa pachigayo n'kuwoloka kamlatho kamatabwa, kudzanja lamanzere kunkangooneka nthochi zokhazokha. Nyumba sinkaoneka. Unkadziwa kuti m'katimo muli munthu chifukwa cha utsi ndi mawu, pakuti mwini mundawo ankalankhula tsiku lonse ngakhale ankakhala yekha. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Aliyense, kuyambira ana asukulu mpaka mwini chigayo, ankangoti a Mikoko, ndipo iwo ankavomera.

Anali mayi wamfupi wa mapewa otambalala, ndipo analibe chovala ngakhale chimodzi chopanda madontho akuda a utomoni wa nthochi. Utomoni umenewu suchoka, ngakhale uchape mpaka zala zisupuke. Iwo ankati ndiyo yunifomu yawo. Amuna awo anamwalira mwana akadali kumsana, n'kuwasiyira nyumba ya zipinda ziwiri, khasu, chikwanje ndi mapando asanu ndi limodzi a nthochi kuseri kwa bafa. Patatha zaka makumi atatu, mapando aja anali ataposa zana.

Ntchito yawo inali ndi lamulo limodzi, ndipo aliyense wodzapempha mbewu ankayamba walimva asanalandire kanthu.

"Pa phando pamakhala atatu basi," ankatero chala chili m'mwamba. "Mayi, mwana ndi mdzukulu. Mayi akubereka, mwana akukula, mdzukulu akusuzumira panthaka. Wachinayi akaphuka, mukumbe, mukadzale kwina. Mukamumvera chisoni, onse aonda."

Anthu ankamva lamulolo ataima ndi mwendo umodzi, chifukwa ulaliki wake unkatalika. Koma mbewu ankapatsidwa, yabwinonso, ndipo palibe amene anabwerera chimanjamanja. Nthochi zambiri za m'makomo a dera lonselo zinachokera m'munda umenewu.

Kwa a Mikoko nthochi inalibe chotaya. Mkoko ukadulidwa, thunthu ankaliduladula n'kuliyala pansi kuti nthaka isaume. Makoko ankapita kwa mbuzi. Luzi la pathunthu ankamangira nkhuni ndi mpanda, masamba ouma ankapota nkhata, aawisi ankavundikira nthochi m'mgolo kuti zipse. Mvula ikawapeza panja, ankangothyola tsamba limodzi n'kudziphimba kumutu. Ambulera yeniyeni imene anawapatsa achemwali awo inakhala pamsomali mpaka njenjete zinaimaliza.

M'mawa uliwonse ankazungulira munda wonse, phando ndi phando, akupereka moni ndi kukalipa. "Iwe, wapendekeranji? Mkoko wa mapava asanu ndi awiri okha wayamba kale kudandaula?" Akatero ankaichirikiza ndi mtengo wamphanda n'kupitirira. Wodutsa mumsewu ankayesa kuti muli alendo. Munalibe mlendo aliyense. M'nyumbamo munali makapu awiri, ndipo imodzi inali itavundikiridwa pashelefu kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

Kapu imeneyo inali ya mwana wawo, mmodzi yekhayo. Mtsikanayo atakula anapeza mwamuna wowotcherera zitsulo, munthu wofatsa wosadziwa kukweza mawu. Awiriwo anadzapempha kuti amange kanyumba ndi shedi yogwiriramo ntchito pangodya ya munda, m'mbali mwa msewu. Kuti zitheke panafunika kuzula mapando makumi awiri. A Mikoko anakana, ndipo kukana kokhako sikukanakhala mlandu. Mlandu unali mawu amene anaperekezera.

"Nthochi izi zandidyetsa zaka zonsezi," anatero kwa mwanayo pamaso pa mkamwini. "Iwe wandidyetsa chiyani?"

M'mawa mwake a Mikoko pochokera kumtsinje anapeza chipinda cha mwanayo chosesa bwino, mphasa itapindidwa, chikwama palibe. Madzi akatayika saoleka. Iwo anauma mutu kudikira kuti mwana ndiye ayambe kupepesa, ndipo mwanayo, poti anatengera mutu womwewo, anadikiranso kwawoko. A Mikoko anangomva kwa anthu kuti akukhala m'tauni ina ya maola anayi pa basi, kenako kuti kwabadwa mdzukulu wamkazi. Mdzukuluyo sanamuonepo. M'munda mwawo phando lililonse linali ndi atatu, koma m'nyumba munali mayi yekha, ndipo zimenezi zinkawawawa tsiku ndi tsiku.

Patatha zaka ziwiri mwana atachoka, mvula inadula chimanga chitangomasula. Minda inapserera, nkhokwe zinangokhala pululu. Nthochi zokha ndi zimene zinapirira, chifukwa nthochi sidziwa nyengo yokolola, imabereka mwezi uliwonse. Anthu ankafika pakhomo pa a Mikoko dzuwa lisanakwere, mabeseni m'manja, maso pansi. Iwo ankadula mikoko ngakhale yosakhwimitsa n'kumagawa phava phava, wa ana ambiri mapava awiri. Ankakalipa ndithu pogawapo, kuti anthu inu ndinkakuuzani kuti dzalani, koma palibe amene anagona ndi njala chifukwa cha pakamwa pawo. Chimene sankauza munthu n'choti chaka choipacho ankachikumbukira ndi mtima wofunda, poti pakhomo pankadzaza anthu. Njala itatha, aliyense anabwerera kumunda kwake, ndipo pakhomo panakhalanso zii.

Mlendo wawo wokhazikika anatsala mmodzi, dalaivala wa lole amene ankadzatenga nthochi Lachinayi lililonse. Anali bambo wamimba, wokonda kuseka, amene ankadya nthochi zinayi asanakweze mkoko woyamba, ati kulawa katundu. A Mikoko ankamuchedwetsa dala ndi tiyi kuti amve mawu a munthu.

Lachinayi lina dalaivala uja anatsika m'lole osaseka. Anavula chipewa n'kukhala pa chitsa.

"Amayi, lero ndatumidwa. Ndinakawotcheretsa chitseko cha lole m'tauni muja, ndiye ndapezana ndi mwana wanu. Akuti mumutumizire ana a nthochi khumi ndi awiri, akufuna kudzala."

A Mikoko anali ndi chikwanje m'manja. Anachiika pansi mosamala ngati dzira.

"Wati chiyani?"

"Ana a nthochi khumi ndi awiri. Ndidzatenge Lachinayi likudzali."

"Basi? Sananene china?"

"Anandipatsanso nambala ya foni iyi. Koma mawu ndi omwewo."

"Akuoneka bwanji? Waonda?"

"Kuonda kuti! Mapewa ndi anuwa, kalankhulidwenso ndi kanu. Anandikalipira chifukwa ndinaimika lole pakhomo pa shedi."

A Mikoko anaseka mpaka misozi, kenako anapeza kuti kuseka kwatha koma misozi ikupitirira. Analowa m'nyumba ati kukaona moto. Anamvetsa bwino lomwe kuti mwana wawo watsegula chitseko pang'ono, ndipo kuti akachedwa chitsekekanso.

Masiku atatu otsatira anawathera posankha mbewu. Mwana wa nthochi woyenera kudzala ndi wa phata lonenepa ndi timasamba tosongoka, osati uja wa masamba otambalala akadali wamng'ono, amene amangokongola koma osalimba. Anayenda munda wonse akugwada, kupapasa, kukana, kubwereranso. Atakwana khumi ndi awiri, anawasenga mizu, kuwakulunga m'masamba onyowa, kuwamanga ndi luzi, n'kuwandandalika pamthunzi kuseri kwa khitchini. Ankawawaza madzi kawiri pa tsiku ndi kuwalangiza. "Mukakafika kumeneko musakandichititse manyazi. Mukabereke."

Lolemba kunafika mlangizi wa zaulimi pa njinga yamoto, mnyamata wamtali wa nsapato zoyera. Anati akuyenda munda ndi munda chifukwa kumtunda kwa mtsinje kwapezeka chisaka, matenda a nthochi. A Mikoko anamuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Mwana wanga, iwe nthochi unayamba kuiona m'mbale. Ine ndakalamba nazo. M'munda muno mulibe matenda."

"Ndingoyendamo pang'ono, amayi, ngati mungalole."

Anamulola, akumutsatira m'mbuyo manja ali m'chiuno. Mlangizi analunjika kumunsi, kufupi ndi mtsinje, kumene mapando angapo anali atapinimbira. Masamba ake anali aang'ono, othinana, oima chilili ngati tsache. A Mikoko anali atawaona kalekale, chaka ndi theka chapitacho. Anayesa kuti nthaka yatopa, choncho anadula mathunthu opinimbirawo, kuthira manyowa a mbuzi, n'kusiya zitsa kuti ziphukenso, monga amachitira mlimi aliyense wa nthochi. Anafotokoza zimenezi monyadira.

Mlangizi anang'amba tsamba limodzi n'kulikweza kudzuwa. "Taonani m'mbali mwa msempha umu. Mukuona timizere tobiriwira kwambiri, todukaduka?" Kenako anasenda khungwa la thunthu n'kuwaonetsa tinsabwe takuda titaunjikana m'kati. "Tizilombo iti ndi timene timanyamula matendawa kuchoka pa phando lina kupita pa lina. Mutadula pamwamba, matenda anatsala m'chitsa, ndipo tinsabwe tinasamukira kwina. Mankhwala ake palibe, amayi. Nthochi ya chisaka sibereka."

Anayenda munda wonse akukweza masamba kudzuwa. Timizere tija tinapezeka kumunsi, pakati, mpaka kuseri kwa bafa.

"Munda wonse uzulidwe, ndi zitsa zomwe," anatero motsitsa mawu. "Muduledule, ziume, mukwirire. Pakapita miyezi ingapo mudzadzale mbewu yochokera kumene kulibe matenda. Ndipo chonde, mwana wa nthochi ngakhale mmodzi asatuluke muno."

A Mikoko anamukokera kuseri kwa khitchini n'kumasula mtolo umodzi. "Nanga awa? Tayang'ana wekha. Ali ndi vuto lanji awa?"

"Amaoneka abwino, amayi. Matendawa amabisala mwa mwana n'kudzaonekera atadzalidwa kale. Mwina mwa khumi ndi awiriwa asanu ndi abwino, koma palibe angakuuzeni kuti ndi ati. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola."

"Ndi za mwana wanga izi."

"Ndiye kwa mwana wanuyo n'kumene simungafune kuti matendawa akafike."

Anamuthamangitsa ndi mawu amene sitingawalembe pano. Njinga yamoto itapita, anakhala pansi pafupi ndi mitolo ija mpaka mthunzi unasuntha n'kuwasiya padzuwa.

Lachitatu anapita kwa mkazi wa kalipentala, kutsidya kwa msewu. Chaka chathacho anamupatsa ana a nthochi asanu, osankhidwa ndi manja omwewa, okongola chimodzimodzi ndi a kuseri kwa khitchini. Ankafuna akawaone ataima bwino, kuti mtima upeze ponamizira. Anawapeza onse asanu atafika m'chiuno basi, masamba ali njo ngati matsache.

"Alangizi anadutsa dzulo," anatero mkazi wa kalipentala. "Musadandaule, asisi. Munatipatsa ndi mtima wabwino."

Mawu okomawo anawalasa kuposa chipongwe. Anatsanzika n'kubwerera kwawo.

Lachinayi lole inafika nthawi yake. Dalaivala anali atamva kale za chisaka, poti nkhani yoipa sichedwa panjira. Anayang'ana mitolo ija, n'kuyang'ana kumsewu.

"Amayi, ine sindinaone kanthu. Ndiika pansi, pamwamba ndiphimba ndi tenti. Adziwa ndani? Mwana wanu wakonza kale mtima. Mukapanda kutumiza, mukudziwa zimene akaganize."

A Mikoko ankadziwa. Akaganiza kuti amayi ake ndi omwe aja, okonda nthochi kuposa munthu. Anawerama n'kunyamula mtolo woyamba, ndipo anafika nawo mpaka pa lole. Ataima pamenepo anaona m'maganizo mwana wawo akukumba maenje, akuthirira, akudikira chaka chathunthu, kenako ataima pakati pa matsache ngati mkazi wa kalipentala. Anaonanso nthochi za anansi ake a mwanayo zikupinimbira, anthu akuloza chala kuti matenda anabwera ndi mphatso ya amayi ake. Anabwerera ndi mtolo uja n'kuuika pamene anautenga.

"Pitani, adalaivala. Sizikwera."

"Ndikamuuze chiyani?"

"Mukamuuze kuti zadwala." Kenako anapukusa mutu. "Ayi. Sakakhulupirira. Ineyo ndikanakhala iye sindikanakhulupirira. Mukamuuze kuti... ayi, musakanene kanthu. Mawu otumiza amafika atapindika. Ndikanena ndekha."

"Muimbiretu foni."

"Zaka zisanu ndi ziwiri sizingalowe m'kafoni."

Lole itapita, anatenga chikwanje n'kuyamba ndi ana khumi ndi awiri aja. Sanawalankhule chilichonse.

Kuzula nthochi si kuzula udzu. Thunthu limagwa ndi chikwanje kawiri katatu, koma chitsa chimakhala pansi ngati mwala, ndipo ukasiya kachidutswa chimaphukanso. A Mikoko ankakwanitsa mapando awiri pa tsiku, atatu tsiku labwino. Owathandiza panalibe. Amene anawadyetsa chaka cha njala anali kuzula zawo, ndipo ena ankanong'ona pachigayo kuti matenda anafalikira ndi mbewu ya a Mikoko. Iwo sanakane, chifukwa mbali ina zinali zoona. Dalaivala anabweranso Lachinayi kawiri kudzatenga mikoko yotsala, kenako anasiya, poti panalibenso chodzatenga.

Kapepala ka nambala kanali pansi pa kapu yovundikira ija. Ankakatenga pomwa tiyi, kukawerenga, kukabwezera. Ankadziuza kuti apita akamaliza kuzula, chifukwa sangasiye tinsabwe tikuulukira m'minda ya anthu. Chimenecho chinali chifukwa chenicheni, koma panalinso china. Ankaopa. Munthu amene sanaopepo njoka ya m'masamba ankaopa maso a mwana wake. Ndipo tsiku lililonse limene ankachedwa, ankadziwa kuti kumeneko chitseko chija chikubwerera pang'onopang'ono.

Mapando asanu ndi limodzi a kuseri kwa bafa, a malemu amuna awo, anawasiya kumapeto. Anawatha masiku anayi, osati chifukwa cholimba.

Munda utatha, nyumba inatsala poyera, kanyumba kakang'ono ka malata adzimbiri, kooneka kuchokera pachigayo. Odutsa ankadabwa kuti kodi n'kochepa chonchi. Mphepo inkalowa mpaka kuchipinda, fumbi la mumsewu linkafika m'mbale. Choopsa kwambiri chinali bata. Zaka makumi atatu ankagona ndi kudzuka ndi phokoso la masamba, ndipo tsopano kunali zii. M'mawa ankatulukabe nthawi yake yozungulira munda, n'kuima pakhomo osadziwa kolowera. Analibenso womukalipira. Tsiku lina anazindikira kuti patha masiku atatu asanatulutse liwu, ndipo atayesa kuitana mbuzi mawu anatuluka osasa.

M'mawa mwake anavala diresi la madontho ochepa, kusiya mbuzi kwa mkazi wa kalipentala, n'kupita kukadikira basi. Ananyamuka opanda dengu, opanda kathumba, chinthu chimene sanachitepo chibadwire popita kwa munthu. Ali pamsewu kunayamba kuwaza mvula. Dzanja linapita lokha m'mwamba kukathyola tsamba, n'kugwira mphepo. Anakwera basi atanyowa.

M'tauni muja shedi ya wowotcherera sinavute kupeza. Anangotsatira phokoso la chitsulo ndi kuthwanima kwa moto. Mkamwini anakweza magalasi akuda pamphumi, n'kuyang'anitsitsa, kenako anazimitsa makina msangamsanga.

"Amayi! Mwabwera nokha? Bwanji osatiimbira tikakuchingamireni?"

Anapukuta manja pa ovolosi n'kuwapatsa moni ndi manja awiri, ngati kuti mawu onyoza aja sanawamvepo. A Mikoko anachita manyazi kwambiri ndi ulemu umenewo. Mkamwini anawaperekeza kanjira ka pakati pa mipanda mpaka pa nyumba ya njerwa zosapaka, n'kubwerera kuntchito mwanzeru.

Mwana wawo anali kuyanika zovala. Anatembenuka ndi malaya onyowa m'manja. Sanayang'ane nkhope ya amayi ake poyamba. Anayang'ana m'manja mwawo, pamutu pawo, kumbuyo kwawo.

"Mwafika, amayi."

"Ndafika, mwanawe. Ndabwera chimanjamanja."

"Ndaona. Ndinadikira Lachinayi lija. Ndinadikiranso linalo."

"Sindinakane. Ndinasankha khumi ndi awiri, abwino okhaokha. Ndinawakulunga. Kunabwera matenda, chisaka. Ndazula munda wonse, ndi za bambo ako zomwe. Kulibe nthochi kwathu kuja, ngakhale imodzi. Ndinaopa kukutumizira imfa."

Anatambasula manja kuti mwanayo aone matuza ophulika ndi zikhadabo zosweka. Analibe umboni wina. Mwanayo anayang'ana manjawo nthawi yaitali.

"Mwazula nokha?"

"Ndikanazula ndi yani?"

Pamenepo m'nyumba munatuluka kamtsikana ka zaka zisanu, kakudya nthochi. Kanaima kumbuyo kwa amayi ake n'kumasuzumira.

"Apatse moni agogo ako," anatero mwana wa a Mikoko.

A Mikoko anagwada kuti alandire kadzanja ka mdzukulu wawo, konata ndi nthochi, ndipo anakagwira osafuna kukasiya. Koma mlimi ndi mlimi. Diso linagwera pa nthochi inali m'dzanja linalo, yaifupi, yonenepa, ya khungu lopyapyala ndi kansonga kopindika.

"Nthochi iyi mwagula kuti?"

Mwana wawo anaika malaya mu beseni n'kuwatsogolera kuseri kwa nyumba. Kumeneko, pamene madzi a kubafa amathera, panali phando la nthochi lalitali kuposa denga, masamba otambalala, mikoko iwiri ikulendewera.

"M'mawa umene ndinkachoka uja, inu muli kumtsinje, ndinakumba kamodzi kuseri kwa bafa," anatero. "Ndinakaika m'chikwama pansi pa zovala. Madiresi anga onse anathimbirira ndi utomoni."

A Mikoko anayandikira pang'onopang'ono. Anang'amba tsamba n'kulikweza kumwamba monga anachitira mlangizi uja. Munalibe timizere. Anasenda khungwa, munalibe nsabwe. Anang'amba lachiwiri, lachitatu. Mbewu ya amuna awo inali moyo, yoyera, itachoka m'munda matenda asanafike. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, koma apa chimene chinawasungira mbewu ndi kuberedwa.

"Ndiye mbewu unali nayo," anatero osatembenuka. "Unkapempheranji?"

"Nanga ndikanapempha chiyani, amayi? Kwa inu munthu amalowera pa nthochi."

A Mikoko anagwira thunthu lozizira ndi manja onse awiri n'kutsamira pamenepo. Atapeza mpweya anayamba kuwerenga, poti ndiyo njira yokha imene ankaidziwa yobisira misozi.

"Zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi... khumi ndi imodzi! Khumi ndi imodzi pa phando limodzi! Ndinakuphunzitsa chonchi ine? N'chifukwa chake mikoko yake ili ngati nkhonya. Khasu lilipo pakhomo pano?"

"Lilipo. Koma mukumba mawa. Munda wanu sufuna mbewu lero. Lowani kaye, mwanyowa."

M'nyumba munali tebulo lachitsulo lowotcherera mkamwini ndi mipando inayi yosafanana. Mwana wawo anawapatsa nsalu youma. A Mikoko anakhala pampando akumumva akusenda nthochi zaziwisi kukhitchini, mpeni ukulira monga unkalirira kwawo kale. Mdzukulu anabwera kudzawerenga madontho a pa diresi lawo ndi chala, n'kufunsa ngati agogo amasamba. Posakhalitsa mbale inafika, nthochi zophika zikufuka nthunzi, ndipo mwana wawo anaiika patsogolo pawo n'kukhala moyang'anana nawo.

A Mikoko anayang'ana mbaleyo. Panali patatha milungu itatu asanalawe nthochi. Anatenga imodzi, kuinyema, koma n'kuibwezera m'mbale. Onse awiri ankadziwa funso limene linali patebulopo, lomwe linafunsidwa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo pamaso pa mkamwini.

"Wandidyetsa, mwanawe," anatero.

Mwanayo anakankhira mchere pafupi ndi iwo, maso ali pansi.

"Idyani, amayi, zizizira."